Kudyetsa banja sabata yonse ndi ndalama yochepa ku Kasungu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amamveka kuchigayo, pamjigo ndi kusikelo ya ana, kuyambira paboma mpaka ku Santhe, Chamama, Nkhamenya ndi Chulu. Amene amawafunsa ndi anthu oti ndalama yawo imabwera modontha: aganyu, a kabaza, amayi ogulitsa tomato, matenanti a m'maesiteti a fodya, ngakhalenso apantchito amene malipiro awo amatha mwezi usanafike pakati. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuchokera pamenepo mtengo wa lero wa mafuta ophikira kapena sopo si wa mawa. N'chifukwa chake mayankhowa sakutchula mitengo ya pamsika. Akunena za kagawidwe ka ndalama ndi kasamalidwe ka zimene mwagula.

Ndalama ya sabata ikangofika m'manja, ndiyambe kugula chiyani?

Chimanga, ndipo pitani nacho kuchigayo tsiku lomwelo ndalama yogayitsira isanalowe kwina. M'nyumba mukakhala ufa ndi mchere simugona ndi njala, chifukwa ndiwo zimapezeka ngakhale kuseri kwa bafa kumene kwamera bonongwe. Koma mukakhala ndi shuga, tomato ndi mafuta, ufa mulibe, ana agona akulira.

Kwa banja lopanda munda, logula chilichonse, nayi njira imodzi yogawira. Pa K10,000 iliyonse, K4,000 ipite ku chimanga ndi chigayo. K2,000 ipite ku zomanga thupi zosawonongeka msanga, monga nyemba, mtedza, soya ndi usipa wouma. K1,500 ndi ya makala kapena nkhuni pamodzi ndi sopo. K1,000 ya mchere ndi mafuta. K1,000 ina ya masamba, tomato ndi anyezi, ndipo imeneyi yokha ndiyo muzitapa tsiku ndi tsiku. K500 yotsalayo imangeni pakansalu. Sabata siitha popanda wina kudwala mutu, mwana kufuna kope, kapena uthenga wa maliro m'mudzi.

Mwaona kuti shuga palibe pamenepa. Sindinamuiwale ayi, tikambapo kutsogoloku.

Ngati chimanga muli nacho chanu, K4,000 ija isasanduke ya nyama ndi zakumwa za m'mabotolo. Theka onjezerani nyemba ndi mtedza, theka sungirani Januwale.

Kwathu amati mgaiwa ndi wa kusukulu yogonera komweko. Kodi n'zoona kuti ufa woyera ukutidyera ndalama?

N'zoona, ndipo pamafunso onse amene ali pano, ili ndilo lingasinthe kwambiri sabata yanu.

Tsatirani thumba la makilogalamu 50 kuchokera pamsika. Mwapita nalo kukakonola, mwalipira. Mwapeta, gaga wachoka. Mwaviika mphale masiku angapo, madzi aja mwataya pamodzi ndi zina zimene zasungunukamo. Mwayanika pamphasa, nkhuku ndi mbuzi zatolako msonkho wawo. Mwabwerera kuchigayo, mwalipiranso. Pomaliza, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thumba lija silifika m'mbale. Mukagayitsa mgaiwa mumalipira kamodzi, ndipo pafupifupi thumba lonse limasanduka nsima.

Chimene chimachoka pokonola si zinyalala. Khungu la chimanga ndi kamtima kake ndimo muli mafuta, mavitamini a gulu la B, ayironi ndi zina zomanga thupi. N'chifukwa chake oweta nkhumba ndi nkhuku amalimbirana gaga, ndipo ziweto zawo zimanenepa. Akuluakulu a kuno amene anaona njala ya 2002 akukumbukira kuti gaga yemweyu anthu ankachita kumugula kuti adye. Mgaiwa umakhalitsanso m'mimba, moti munthu wa mitanda itatu amapezeka wakhuta ndi iwiri.

Ngati a m'nyumba mwanu akukana, musayambe ndi nkhondo. Yambani ndi galamilu, chimanga chokonola pang'ono koma chosaviika, kapena sakanizani mgaiwa ndi ufa woyera, n'kumaonjezera mgaiwawo sabata ndi sabata. Kaphikidwe nakonso kamathandiza. Phala la mgaiwa limafuna kuwira nthawi yotalikirapo musanayambe kuvundula, apo ayi nsima imamveka yosapsa, ndipo anthu ambiri amene amadana ndi mgaiwa anaudya wophikidwa mothamanga.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Mgaiwa suchedwa kununkha chifukwa cha mafuta aja, choncho gayitsani wa sabata imodzi kapena ziwiri basi, ndipo uyanikeni uzizire musanautsekere m'ndowa. Chachiwiri, popeza khungu mukudya nalo limodzi, sankhani chimangacho palichero musanapite kuchigayo. Njere zowola, zakuda ndi za chuku zichoke zonse.

Ine ndimayendetsa kabaza. Ndalama ya sabata yathunthu sindiiona, ndimapeza ya tsiku. Ndichite bwanji?

Vuto lanu, achimwene, ndi lakuti wogula tizinthu ting'onoting'ono amalipira zambiri kuposa wolemera. Kawokimani ka ufa, katchubu ka mafuta, kamchere ka papepala, kamulu ka makala: chilichonse mwa izi wogulitsa wayikapo phindu lake ndi mtengo wa jumbo. Mukawerengera sabata, ufa wa mawokimani umaposa kutali mtengo wa chimanga chofanana nawo chogula pa chigoba n'kugayitsa nokha.

Simungachoke m'zimenezi tsiku limodzi. Sankhani chinthu chimodzi pa sabata choti musiye kugula mwa tsiku ndi tsiku. Sabata ino paketi yathunthu ya mchere. Sabata yamawa sopo wamtanda woti muzidula nokha. Kenako chigoba cha chimanga, kenako ndowa. Chilichonse chimene mwagula chambiri chimamasula kandalama katsiku lotsatira.

Njira ina ndi kusonkherana. Mabanja atatu kapena anayi a papuloti imodzi angathe kugula chigubu cha malita 5 a mafuta kapena ndowa ya nyemba n'kugawana pamaso pa onse ndi muyeso umodzi. Ngati mumasunga ndalama ku Airtel Money kapena Mpamba kuti isakuyabweni m'thumba, tapani kamodzi pa sabata, chifukwa pa kutapa kulikonse amakudulani ndalama.

Nyama sitingakwanitse ngakhale kamodzi pa mwezi. Kodi ana akula bwino?

Akula, bola musawadyetse nsima ndi repu yekha tsiku ndi tsiku. A zaumoyo amaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, masamba, zipatso ndi za mafuta. Gulu la za nyama silitanthauza ya ng'ombe ya kubutchala yokha. Usipa, bonya, matemba, mazira, ngumbi, mbewa, ziwala ndi matondo onse ali momwemo.

Usipa ndi bonya n'zamtengo wapatali kuposa mmene timaziyesera, chifukwa timadya ndi mutu ndi minga yomwe, mmene muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Simufunikanso mbale yodzaza. Kadzanja kamodzi, kokazinga pang'ono n'kusinja, kamakometsa poto yonse ya nkhwani, ndipo ufa womwewo supuni imodzi mungathire m'phala la mwana. Kuphika usipa wambiri Lolemba n'kumadya masamba okhaokha mpaka Loweruka n'kuluza. Ugaweni m'timapepala ta masiku.

Nyemba, khobwe, nzama ndi nandolo zikadyedwa ndi nsima zimakwaniritsana, chimene chikusowa m'chimanga chimapezeka mu nyemba. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zokazinga n'kuyanika zimasungika masabata angapo. Dzira limodzi lophwanyira mu tomato wambiri limakwana ana awiri.

Chimene chimandidabwitsa ndi ichi. Kasungu ndi Mchinji ndi maboma olima soya ndi mtedza kwambiri. Timagulitsa kwa mavenda matumbamatumba mu Meyi, kenako mu Okutobala tikugula timapaketi ta nyama ya soya kuokala pa mtengo wokwera. Ndowa imodzi ya soya ndi imodzi ya mtedza zikanatsala m'nyumba, funso la nyamali likanachepa mphamvu.

Soya ndili naye, koma ana akuti akununkha ndipo amawatsegula m'mimba. Ndikulakwitsa pati?

Mwina mukugayitsa wamuwisi. Soya wosapsa ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya bwino chakudya, ndipo zimatha ndi moto wokha. Fungo lija limabwera soya wamuwisi akakumana ndi madzi ozizira. Choncho musankheni, wiritsani madzi kaye, thirani soya pang'onopang'ono madzi asasiye kuwira, aphike kwa mphindi 30. Tsanulani, tikitani kuti makoko achoke, yanikani mpaka aume gwa, kenako kuchigayo. Ena amangokazinga m'chiwaya mpaka afiirire, nazonso zimatheka. Posakaniza, makapu 4 a chimanga kapu imodzi ya soya. Kasakanizidwe kameneka ndi kofanana ndi ka Likuni Phala.

Mafuta ophikira akwera mtengo kwambiri. Tingakhale osagula?

Masiku ambiri, inde. Agogo athu ankatendera, ndipo nsinjiro zili ndi mafuta ake komanso zomanga thupi zimene mafuta a m'botolo alibe. Nkhwani, chisoso, mpiru, khwanya, mfutso, ngakhale usipa ndi mbatata, zonse zimalola kutendera. Koma musasiyiretu mafuta onse osaika china m'malo mwake, chifukwa mavitamini ena a m'masamba, monga vitamini A, thupi limawatenga bwino pakakhala kamafuta. Mafuta amene mwagula yezani ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo. Dzanja limanama.

Masamba timagula tsiku lililonse ndipo ndalama ikuthera pomwepo. Pali njira ina?

Nthawi ya dzinja kugula masamba ndi kusafuna kuwerama. Chisoso, bonongwe, luni, denje, nkhwani, khwanya, chitambe, kholowa ndi chigwada zili ponseponse, ndipo zambiri mwa izi zimaposa kabichi pa zofunika m'thupi. Mudziwe kokha kumene mukuthyola: m'munda mwa fodya kapena mwa tomato mmene angopopera mankhwala musathyolemo.

Vuto lenileni ndi Ogasiti mpaka Novembala, kukauma. Yankho lake limakonzedwa mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo ndi mfutso. Thyolani masamba anthete, aviikeni m'madzi owira othira kamchere kwa mphindi zochepa, afinyeni, ayanikeni pamphasa yoyera pamalo podutsa mphepo. Oyanika pamthunzi amasunga mtundu ndi mavitamini kuposa oyanika padzuwa lamphamvu. Akauma mpaka kumafumbutuka m'manja, mangani chikwatu kapena tsekerani m'chigubu chouma. Bowa, therere ndi tomato wodula mopyapyala nazonso zimayanikika. Pa bowa, thyolani amene mukuwadziwa bwino okhaokha, chifukwa chaka ndi chaka mabanja amagonekedwa m'chipatala ndi bowa wakupha.

Wokhala nyumba ya lendi paboma angathe kudzala mpiru kapena kholowa m'matumba akale odzaza dothi ndi manyowa, n'kumathirira madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri.

Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga, koma zimawononga mavitamini. Zisiyireni therere. Masamba enawo dulani bwino, madzi pang'ono, vundikirani, ndipo msuzi wake musataye.

Ana anazolowera tiyi ndi buledi kapena mandasi m'mawa. Ndiwapatse chiyani?

Apa ndi pamene shuga uja akubwerera. Tiyi, shuga ndi mandasi a ana anayi sabata yonse zimadya ndalama yokwana kugula nyemba ndi mtedza wa sabata yomweyo, koma pofika 10 koloko mwana ali kale ndi njala m'kalasi. Tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amalepheretsanso thupi kutenga ayironi woonjezera magazi.

Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya ndi kamchere limamufikitsa mwana masana. Mbatata yophika, futali, maungu, chinangwa chosawawa, kapena chigumu chophika usiku pamakala otsala, zonsezi ndi kadzutsa weniweni. Mbatata ya kholowa yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, ili ndi vitamini A wambiri, ndipo n'njotsekemera kale, siifuna shuga. Nthochi yakupsa yophwanyira m'phala imagwira ntchito ya shuga. Tiyi akhale wa Lamulungu.

Makala akutha msanga, makamaka tikaphika nyemba.

Viikani nyemba usiku wonse, m'mawa tayani madziwo. Zikatero zimapsa ndi moto wochepa kwambiri. Kenako yesani izi: ziwire mwamphamvu kwa mphindi 20 zili zovundikira, phulani osatsegula, kulungani potoyo m'bulangete lakale, ikani m'dengu lodzaza nsanza kapena udzu wouma, vundikirani pamwamba ndi pilo. Pakatha maola atatu kapena anayi mudzapeza zafewa zokha, kwangotsala kuthira tomato ndi kuwiritsanso pang'ono. Phikani za masiku awiri nthawi imodzi.

Ophikira nkhuni, mbaula yadothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo imalola zitsononkho, mapesi ndi tinthambi. Makala otsala mukamaliza kuphika azimitseni ndi dothi kapena mchenga, mawa agwiranso ntchito.

Pamsika ndingatani kuti ndisamabetsedwe?

Pitani mutadya, pitani nokha opanda ana, ndipo pitani mukudziwa kale zimene mukukagula. Tomato, masamba ndi nthochi zimatsika mtengo chakumadzulo ogulitsa akafuna kuweruka, ndipo pamenepo basera savuta. Tomato wofewa wa mtengo wotsika ndi wabwino pa ndiwo za tsiku lomwelo, bola asakhale wowola. Nyemba, mtedza ndi chimanga zimatchipa m'misika ya kabwandire ya kumidzi kuposa paboma, koma werengerani ndalama ya ulendo. Ngati muli ndi mnansi wopita kale kumeneko, mutumeni.

Yang'anani muyeso. Chigoba china chinamenyedwa pansi kuti chilowe m'kati, mbale ina ya usipa pansi anayalapo pepala. Tengani chigoba chanu cha kunyumba, kapena pemphani kuti athire muli kuona. Usipa ununkhizeni ndipo muufinye: wachinyontho umalemera pogula koma umachita chuku pasanathe masiku. Mchere gulani wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini.

Ndapeza mtedza wotsika mtengo, ena ndi wonyala ndi wakuda. Ndisinje nsinjiro?

Ayi. Mtedza wonyala, wosweka, wowawa kapena wa chuku ungakhale ndi poizoni wotchedwa aflatoxin. Satha ndi kukazinga kapena kuphika, amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo amapinimbiritsa ana. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya zotsalira kuti zikhale nsinjiro za pakhomo n'choopsa. N'chimodzimodzinso kuwaza madzi mtedza kuti usavute kuswa. Gulani wochepa koma wabwino, musankhe njere ndi njere.

Chaka chilichonse tikafika Januwale chimanga chatha, mtengo wakwera. Tipewe bwanji?

Sabata ya Januwale imakonzedwa mu Meyi ndi Juni. Nthawi yokolola chimanga chimatchipa chifukwa aliyense akugulitsa kuti abweze ngongole ndi kulipira fizi. Mavenda amagula, amasunga, n'kudzatigulitsa chimanga chathu chomwe mu Januwale ndi Febuluwale pa mtengo wokwera. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, koma munthu wopanikizika amagulitsa pa mtengo uliwonse umene wauzidwa pasikelo ya pamsewu. Ku ADMARC chimanga chikapezeka mizere imakhala yaitali ndipo amagulitsa mopimira, choncho si malo oikapo mtima wonse.

Musanagulitse thumba ngakhale limodzi, dziwani chimene banja lanu limadya. Kwa sabata imodzi werengani makapu a ufa amene mukutapa, muone kuti ndowa ikutha masiku angati. Kuchokera pamenepo mudziwa matumba ofunika mpaka Epulo wa chaka chamawa. Amenewo atsekereni, zogulitsa zikhale zotsala. Ngati pafunika ndalama, gulitsani fodya, soya kapena mbuzi poyamba. Amene ndalama ya fodya wogulitsidwa ku okushoni ya Chinkhoma yawafika, matumba a chimanga agulidwe sabata yomweyo, wailesi ndi foni zidikire. Opanda munda nawonso nthawi yawo yogula ndi imeneyi, ngakhale chigoba chimodzi choonjezera pa sabata.

Kusunga nako kuli ndi luso lake. Chimanga chosauma chimawola m'thumba. Kuti mudziwe ngati chauma, ikani njere zingapo ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, yanikaninso. Matumba a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri m'kati, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda mankhwala, bola amangidwe bwino ndipo mbewa zisawaboole. Othira mankhwala a Actellic atsatire muyeso wolembedwa. Matumba akhale pamitengo, osati pansi kapena kutsamira khoma.

M'miyezi ya njalayo, nsima ikhale kamodzi patsiku ngati pafunika kutero, chakudya chinacho chikhale mbatata, makaka, mango, ndipo kenako maungu ndi mondokwa zikayamba. Kuthyola chimanga chachiwisi chambiri kumathetsa njala ya lero n'kuitana ya chaka chamawa.

Chakudya chikachepa kwenikweni, ayambe kudya ndani?

Mwana wamng'ono, mayi woyembekezera ndi mayi woyamwitsa. Ndikudziwa kuti mwambo umati mbale ya bambo ndiyo yoyamba ndipo nthuli yabwino ndi yawo. Koma bambo akadya mopereweza sabata imodzi amaonda n'kudzabwerera. Mwana wosafika zaka 2 akamanidwa nthawi yaitali amapinimbira msinkhu ndi nzeru zomwe, ndipo zimenezo kubweza kwake n'kovuta.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, osampatsa madzi kapena phala. Akapitirira pamenepo apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kuposerapo, uku akudya kangapo patsiku. Phala lake likhale lolimba loti silikuyenderera pasupuni, lothira nsinjiro, ufa wa usipa, dzira kapena masamba osinja. Mupatseni mbale yakeyake. Pambale imodzi ndi akuluakulu, wamng'ono amatola kawiri anzake atamaliza.

Mukaona mapazi onse awiri atupa, tsitsi lasanduka lofiirira ndi lopyapyala, mwana waonda kwambiri kapena wasiya kusewera, musadikire ndalama. Pitani naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala cha boma, akamuyeza mkono, ndipo akapezeka wonyentchera chithandizo cha chiponde n'chaulere. Chipondecho ndi mankhwala a mwana ameneyo, si chogawira abale ake kapena kugulitsa.

Alendo ndi abale sasowa pakhomo pathu. Ndiwakanize?

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo wa tsiku limodzi adye chimene mwadya, popanda kupha nkhuku ya ngongole. Thobwa kapena mbale ya mbatata ndi ulemu wokwanira. Nkhani ndi ya mphwanu amene wabwera kudzafuna ntchito paboma n'kukhala miyezi. Ameneyo muuzeni poyera, mwaulemu, kuti kumudzi atumizeko chimanga kapena nyemba, kapena iye akapeza ganyu aziponyako kanthu.

Ndikongole kuokala, kubanki m'khonde, kapena kwa a katapila?

Katapila ayi. Chiwongoladzanja chake chimatha kufika theka la ndalama imene mwakongola kapena kuposa, ndipo chakudya mwadya kale, palibe chimene chibweze ndalamayo. Mabanja ambiri ataya njinga, mbuzi ndi malata chifukwa cha ufa wa sabata imodzi. Ngongole ya kuokala ndi yabwinoko ngati ili ya ufa ndi mchere, ndipo inunso muzilemba m'kope mwanu, osadalira la mwini okala lokha.

Banki m'khonde imathandiza mukaigwiritsa ntchito pa nthawi yake. Kukongola mu Juni kuti mugule matumba awiri chimanga chili chotchipa n'kwanzeru, ngati muli ndi pobwezera. Kukongola mu Febuluwale kuti mudye lero n'kukumba dzenje. Mtukula Pakhomo ndi wa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga a nkhalamba zolera ana amasiye kapena a odwala nthawi yaitali. Ngati mukudziwa banja lotere, lidziwitseni kwa amfumu ndi komiti ya m'mudzi kuti kalembera akamachitika lisadumphidwe.

Bambo a kunyumba amangosiya ndalama yomweyomweyo, koma amafuna ndiwo zabwino. Ndiwauze bwanji?

Musakangane pa nthawi ya chakudya. Tsiku lina apempheni kuti mupite limodzi kumsika, ndalama agwire iwo. Abambo ambiri mitengo imene ili m'mutu mwawo ndi ya zaka zitatu zapitazo. Pobwerera khalani pansi muwerenge zonse zimene zimatuluka m'nyumba pa sabata, kuphatikizapo mayunitsi, tchipisi cha pachiwaya, mowa ndi kubetcha mpira pafoni. Ndipo inu abambo amene mukuwerenga, ndalama ya botolo limodzi Loweruka ndi mazira a ana anu.

Tandipatsani chitsanzo cha sabata yathunthu.

Tiyerekeze ndi mwezi wa Julayi, ufa wa mgaiwa ulipo. M'mawa muzisinthanitsa phala la soya kapena la nsinjiro ndi mbatata. Lolemba nyemba ndi mpiru, zophika zambiri kuti Lachiwiri zitsale, ndipo tsiku limenelo muonjezere mfutso wotendera. Lachitatu usipa wa tomato ndi kholowa. Lachinayi masana futali, osaphika nsima, madzulo nsima ya therere ndi khobwe. Lachisanu mazira awiri kapena atatu mu tomato ndi anyezi, pambali repu. Loweruka nkhwani za kudimba zothira ufa wa usipa. Lamulungu, ngati K500 zija zapulumuka masabata angapo, kagulireni banja mapazi ndi mitu ya nkhuku kapena zam'kati. Chipatso chikhale cha nyengo yake: papaya, nthochi, malambe, kenako masuku ndi mango kukayamba kutentha, magwafa ndi mapeyala mvula ikamapita kumapeto.

Nsima yotsala tizitaya? Ena akuti mkute umadwalitsa.

Umadwalitsa ukasungidwa mosasamala. Nsima yotsala ikhale imene sinagwidwe ndi manja pambale, ivundikiridwe ntchentche ndi mphemvu zisafikepo, ndipo m'mawa itenthetsedwe mpaka itenthe m'kati momwe, kaya powotcha pamakala kaya poiphwanyira m'madzi owira kuti isanduke phala. Ndiwo zotsala ziwirenso ndithu, osangofunditsa. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala nyemba ndi ndiwo zotendera sizichedwa kusasa, choncho zikayamba fungo kapena thovu musapatse mwana. Ngati mkute ukutsala tsiku lililonse, ndiye kuti mukutapa ufa wambiri. Chotsanipo theka la kapu mawa, muone ngati wina adandaule.